Woyamba Kugona Pachitunda

Ndinadzuka tambala asanalire, kaya nkugona komwe kumene ndinagonako. Ndinali pamphasa m'nyumba ya achimwene, pakati pa miyendo ya amayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi amene anaimba mpaka mawu kusasa. Bokosi linali pakati pa nyumba, kandulo imodzi itatsala kachidutswa. Alamu anga, akazi a malemuwo, anali chikhalire kumutu kwa bokosilo, mpango utawaphimba kumaso. Kunja kunkatentha ngati masana, mphepo osaomba ngakhale yogwedeza tsamba. Ife a ku Bwanje timadziwa kuti kukatero m'nyengo yowokera mpunga, mvula yoopsa ili panjira.

Malemuwo anali mlongo wanga, a Ngozo. Tinabadwa mopondana, ine Nangozo woyamba, iwo pambuyo panga. Lolemba anali m'madzi kuwokera mpunga ngati wina aliyense, Lachitatu madzulo tinali kulira. Koma ine sindinkalira ngati ena onse, chifukwa panali mawu amene ndinawalankhula kwa achimwene pamaso pa anthu, ndipo mudzi wonse unkawakumbukira.

Nkhani yake inayamba chilimwe chapitacho. Mtsinje wathu unali utayamba misala kuyambira pamene mitengo ya m'mapiri inathera m'matumba a makala. Chaka chilichonse unkadya gombe, nkutitayira mchenga m'minda. Anthu a kukhonsolo anabwera ndi chipepala chachikulu, natiuza kuti tijambule tokha mudzi wathu: polima pano, podyetsa ziweto apa, nkhalango apo, posayenera kukhudza khasu apo. Tinasankha komiti, ndipo achimwene, poti sankadziwa kukana ntchito, anawaika kukhala wapampando. Posakhalitsa m'mbali mwa mtsinje monse munaima zikhomo zopaka utoto wofiira. Zikhomozo zinandidulira mizere isanu ndi umodzi ya dimba langa, dimba limene anandisiyira amayi. Ndinapsa mtima, sindibisa.

Koma chimene chinandifikitsa pakhosi ndi manda. Manda a mudzi wathu ali pagombe la mtsinje womwewo, ndipo amayi athu agona kumeneko. Pachipepala chija anagwirizana kuti mandawo atsekedwe, maliro otsatira azikaikidwa pachitunda cha kuseri kwa mudzi. Pamsonkhano anthu anavomera ndi pakamwa pokha. Kwathu kuno aliyense anakula akumva kuti woyamba kugona kumanda atsopano sapirira kukhala yekha, amaitana abale ake. Ndani angafune kuti mbumba yake ndiyo itsegule njira?

Tsiku lina ndinakumana nawo achimwene pamjigo, atanyamula mbande za mitengo akupita kuchitundako. Pamjigo panali podzaza amayi. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Mandawo ngati mwawakonda, mukayambe ndinu kugonako!" Amayi ena anagwira pakamwa. Achimwene anangovula chipewa, nkupukuta thukuta, nkupitirira. Kuyambira pamenepo moni wathu unali wa alendo okumana pamsewu. Ndipo kuyambira pamenepo m'mudzi simunagwenso maliro, mpaka awowa.

Ndiye dzulo lake madoda atakhala pansi kukambirana za poika, ine ndinaimirira njinjinji kuti mlongo wanga akagona pambali pa amayi ake. Ndinkanena ngati ndikumenyera amayi, koma mumtima ndinkadziwa kuti ndikumenyera mawu anga aja kuti asakwaniritsidwe. Amalume, amene tsopano anatsala okha akuluakulu a mbumba yathu, anandivomereza. Amfumu anangoti zamanda zili ndi eni ake. Alamu anayesa kulankhula chapansipansi kuti, "Anali nawotu malo awo." Ine ndinawadula. Ndinati, "Alamu, inu lirani amuna anu, zamanda tisiyireni ife." Anangokokera mpango wawo kumaso.

Kukuyera, adzukulu okumba manda anadutsa kuseri kwa nyumba ndi makasu, mafosholo ndi piki, kulowera kumtsinje. Ndinamva zitsulo zikugundana, mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinatuluka kukasamba kumaso. Amayi a m'mudzi anali atayamba kale kusonkha moto pansi pa migolo yophikira mpunga ndi nyemba. Nkhuni zinali zonyowa, utsi osakwera kumwamba, ukungoyenda chapansi kulowa m'maso mwa anthu. Zinali nthambi zakugwa zokhazokha zotola m'nkhalango ya mudzi, poti lamulo la komiti silinkalola nkhwangwa ngakhale pamaliro. Mayi wina akukupiza moto ndi chivundikiro anati, "Taonani, ngakhale agona, lamulo lawo likutilizabe." Anzake anaseka pang'ono, koma atandiona ine kuseka kunathera pomwepo.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanatuluke bwino, ngati linatuluka n'komwe, chifukwa tsiku lonse linali kuseri kwa mitambo. Pamsewu anali atayala masamba, ndipo apanjinga ankatsika patali nkumakankha. Abale a alamu anatsetsereka kuchokera ku Biriwiri ndi kabichi ndi mbatatesi, majuzi ali m'manja, akudandaula kutentha kwa kuchigwa. Ena anachokera ku Nzama kumene achimwene anaphunzira ali mnyamata. Bambo wina wachisilamu wa golosale ya pamsika, amene ankagula mpunga wa achimwene chaka ndi chaka, anabwera ndi lona wamkulu, namanga yekha pamitengo kuti amayi akhale pamthunzi, kenaka nkukakhala phee pakati pa madoda. Kunabweranso bambo wina wa kukhonsolo, amene ankayenda ndi achimwene pokhoma zikhomo. Anasiya njinga yake yamoto kutali, nkukaima kumbuyo kwa gulu. Ine sindinafune n'kumuyang'ana komwe.

Maso a anthu ndinkawamva kumsana. Palibe amene anandinena poyera, ayi, anthu a kwathu ali ndi ulemu. Koma ndikadutsa, nkhani inkaduka. Mayi wina wachilendo anakodola mnzake ndi chigongono, ndipo ndinamva bwinobwino akuti, "Ndi omwe ajatu."

Chapakati pa m'mawa anabwera mkulu wa adzukulu, bambo wamtali wa mudzi woyandikana nafe, matope mpaka m'chiuno. Akazi sitipita kumanda akamakumba, ndiye nditaona kuti akulunjika kwa ine, ndinadziwa kuti pali vuto. Anagwada pang'ono nati, "Mayi Nangozo, tiyeni ndi amalume anu mukaone nokha. Ife sitikufuna kudzanenedwa kuti tinachita ulesi."

Tinayenda m'mizere ya minda ya mpunga, amalume patsogolo ndi ndodo yawo, ine pambuyo. Achule anali chete. Tinadutsa zikhomo zofiira zija, ndipo titayandikira ndinamva mtsinje ndisanauone. Kwathu mvula inali isanagwe masiku atatu, koma madzi anali ofiira, odzaza, atanyamula mapesi ndi zitsa. Ndiye kuti kumapiri inali itagwa kale.

Kumanda kuja ndinali ndisanapiteko kuyambira tsiku limene tinakalambula chaka chatha. Mayo ine! Mkuyu waukulu umene tinkakhala pansi pake unali utapendama, mizu yake ikulendewera pamwamba pa madzi. Tikuika amayi, mtsinje unali kutali, woti mwana sangafikitseko mwala. Tsopano ndinawerenga mapazi kuchokera pamtanda wa amayi kukafika pamene nthaka yathera. Anali asanu ndi awiri.

Dzenje la achimwene linali pambali pa amayi monga ndinalamulira. Anali atakumba kufika m'chiuno, ndipo pansi pake panali madzi. Mdzukulu mmodzi anatsika ndi ndowa nkukapa, nkukapa, mpaka dothi linaoneka. Tili chiimire pomwepo madzi anayamba kutumphukanso m'mbali, mwakachetechete, mpaka anaphimba mapazi ake. Adzukulu amaloledwa kulankhula zilizonse pamaliro, ndiye mkulu wawo uja anati, "Mayi, ife ntchito yathu ndi kuika anthu. Kuwokera mpunga mumadziwa ndinu."

Ndinalusa. Ndinati asandiseke pa tsiku la mlongo wanga, ayale miyala pansi, achite chilichonse, si iwo akatswiri? Iye anangopempha ndodo ya amalume, nkupita pakati pa dzenjelo ndi manda a amayi, nkukankha udzu ndi phazi. Panali mng'alu wautali, wopita chakumtsinje. Analowetsa ndodo ija, ndipo inalowa yonse mpaka pogwirira osagunda kanthu.

Amalume anayang'ana ndodo yawo nthawi yaitali. Kenaka anati, "Nangozo, unanena ndiwe kuti kuno. Nenanso ndiwe."

Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana mng'aluwo. Ndikanena kuti kuchitunda, ndiye kuti mawu anga a pamjigo akwanira, ndipo ndidzakhala mkazi amene anatemberera mlongo wake mpaka tsiku langa lomwalira. Ndikakakamira, ndiye kuti tsiku lina m'mawa ana opita kusukulu adzaona bokosi la achimwene litakodwa m'bango kumunsi. Ndinaliona bokosilo m'maso mwanga, ndi nsalu yoyera imene ndinasoka ndekha dzulo lake. Ndinati, "Kakumbeni kuchitunda." Mawuwo anatuluka ngati a munthu wina.

Koma dzenje la manda silisiyidwa kukamwa. Akuluakulu amati likakhala lopanda kanthu limafuna munthu, ndiye mumaikidwa thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo. Nthochi zapafupi zinali zanga, za pa mizere ija ya kuseri kwa zikhomo, zimene ndinakana kuzula. Anakadula imodzi, nkuinyamula anthu awiri ngati maliro enieni, nkuitsitsa bwinobwino. Inayandama. Inangotembenuka pang'onopang'ono pamwamba pa madzi, ife tikuyang'ana. Panalibe woseka tsopano, ngakhale adzukulu. Anachita kuipanikiza ndi fosholo, ena nkumathira dothi msangamsanga.

Pobwerera, nkhani inali itatitsogolera kale. Sindikudziwa kuti imayenda bwanji, koma titafika pabwalo aliyense ankadziwa. Amayi ena a mbumba yathu anayamba kukokera ana awo pafupi. Msuweni wanga wina anandiyandikira nkunong'ona kuti, "Mwatitsegulira khomo, achemwali. Tiona wotsatira." Ndinamulambalala. Ndinalowa m'nyumba nkugwada pafupi ndi alamu, ndikuwauza zimene zachitika. Sanandiyang'ane. Anangoitana mkulu wa adzukulu pakhomo, nkumuuza mawu ochepa chapansipansi, iye nkugwedeza mutu nkumapita.

Pachitunda nthaka ndi ya miyala. Maliro amene tinati tiika masana anadikira mpaka dzuwa litapendeka. Anthu anadya, mbale zinatsukidwa, kwaya inamaliza nyimbo zonse nkuyambiranso. Kutentha kunkangowonjezeka, makanda akulira, ntchentche zili ponseponse. Chakumapiri a ku Ntcheu kunada bii, ndipo mabingu ankamveka chapansipansi osalekeza, ngati galimoto yolemera imene ikubwera koma osafika. Anthu ochokera kutali ankangoyang'ana kumwamba, koma palibe amene ananyamuka.

Mwambo wa mapemphero unali waufupi. Analankhula amfumu, analankhula a mpingo, analankhulanso bambo wa kukhonsolo uja. Ndinkayembekeza kuti atchula za mapu ake nkundilasa, koma anangoti malemu ankayenda naye wapansi mudzi wonse osadandaula, kenaka nkukhala pansi. Madoda anaimirira ndi zibonga zawo, nkuzungulira bokosi akuponda pansi pang'onopang'ono, akuimba nyimbo ya chingoni imene mawu ake ambiri ife a lero sitiwamva. Fumbi silinabuke. Nthaka inkangomveka di, di, di, mpaka m'chifuwa.

Tinanyamuka. Kwaya patsogolo, mtanda, bokosi pamapewa a amuna akulandizana, ife akazi pambuyo. Tsono pamphambano ya pamjigo panachitika chinthu chimene sindidzaiwala. Njira ya kumanda akale imakhotera kumanja, ya kuchitunda kumanzere. Onse ankadziwa kumene tikupita, koma miyendo ili ndi chizolowezi chake. Kwaya yonse inakhotera kumanja, wonyamula mtanda nayenso, onyamula bokosi nkutsatira. Anayenda ndithu kamtunda asanazindikire. Mdzukulu wina anachita kuthamanga akukuwa kuti, "Kuno! Kuno!" Nyimbo inaduka pakati. Bokosi linaima, nkutembenuzidwa pamaso pa anthu onse, pamjigo pomwe paja ndinalankhulira. Nkhalamba ina pambali panga inapukusa mutu nkuti amayi ake akumukoka. Tsitsi linandiimirira.

Kuchitunda ndinali ndisanapondeko chipangireni mapu, dala. Ndinapeza malo oyera, opanda mthunzi, mbande za mitengo zofika m'mawondo zitadzalidwa m'mizere, iliyonse itatchingidwa ndi minga kuopa mbuzi. Munthu mmodzi ndiye ankakwera ndi ndowa kudzathirira zonsezo chilimwe chonse, ndipo tinali titamunyamula. Ukaima pamenepo umaona chigwa chonse, minda ya mpunga, mtsinje ukupindika, ndi mkuyu wopendama uja. Dzenje linali louma, dothi lake lofiira. Linali chakumapeto, pamene panali timitengo tiwiri ta mbawa todzalidwa patokha, totalikirana mapazi ochepa. Anakumba pafupi ndi kamodzi.

Akutsitsa bokosi mphepo inayamba, yozizira, yonunkhira dothi. Alamu anaponya dothi, ine ndinaponya, ndipo dontho loyamba linagwera padzanja langa lisanabwerere. Adzukulu anakwirira mothamanga. Nkhata zinaikidwa mosaitana maina, zina mphepo nkuziulutsa, anthu nkumazitsinika ndi miyala. Tisanafike m'munsi mwa chitunda inatsika yonse, ya madontho akuluakulu, yoti munthu wapatsogolo pako osamuona. Anthu anabalalika, ena kunjinga zawo, ena m'makonde a eni. Ine ndinacheuka kamodzi. Pachitunda ponse panali mulu umodzi wokha wa dothi, mvula ikuumenya. Ndinalira mokuwa kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, ndikuti ndakusiyani nokha achimwene, ndakusiyani nokha.

Madzulo nyumba inali zii. Lona uja anali atagwa ndi kulemera kwa madzi, moto wonse utazima, migolo itadzaza mvula. M'nyumba munatsala ine, alamu, ndi amayi awiri achikulire amene ankasinza atatsamira khoma. Pamene panali bokosi panatsala mipando iwiri imene linakhalapo, ndipo palibe amene anaganiza zoichotsa. Denga linkadontha pakona, m'beseni. Chipewa cha achimwene chinali pamsomali kuseri kwa chitseko.

Alamu anavula mpango kumaso nkundiyang'ana koyamba. Ndinati, "Alamu, ndinakulakwirani dzulo. Ndipo mlongo wanga ndamupha ndine ndi pakamwa pangapa."

Iwo anati, "Musadzinamize, achemwali. Tsiku lija munawalankhula pamjigo anabwera kuno akuseka. Anati Nangozo wanena zoona, wina ayenera kuyamba, ndipo sindingatumize mwana wa mwini kumene ine ndikuopa. Mawa lake ndi pamene anakadzala mbawa ziwiri zija. Ndi zimene ndinkafuna kukuuzani."

Ndinafunsa kuti, "Inayo ndi yanu?"

"Ayi. Ine kwathu ndi ku Biriwiri, abale anga adzanditenga. Anati inayo ndi ya Nangozo. Anati mlongo wanga ndikumudziwa, sangalole kuti mkangano uthere panjira, adzanditsatira kuti adzaumalize."

Ndinaseka, inde ndinaseka m'nyumba ya maliro, kuseka kwake kosanduka kulira, mpaka amayi aja anadzidzimuka. Alamu anandigwira dzanja. Ndinalibe mantha ndi kamtengo kaja, ndinadabwa nazo ndekha. Ndinangoganiza kuti minga yake mwina yaulutsidwa ndi mphepo, ndipo mbuzi za m'mudzi muno sizidziwa maliro.

Kunja kunali kusanade kwenikweni. Mvula inachepa pang'ono, ndipo itachepa ndi pamene tinaumva bwino mtsinje, ukulira ngati chigayo. Tinakhala tikumvetsera. Kenaka chakumanda akale kunamveka chinthu cholemera chikung'ambika, nkugwera m'madzi kamodzi, khuu. Agalu anauwa, nkusiya. Alamu anandifinya dzanja. Ine ndinayang'ana pansi, ndikuwerenganso mumtima mapazi aja kuchokera pamtanda wa amayi, limodzi, awiri, atatu, mpaka asanu ndi awiri.